Smith: Momwe Dzina la Wosula Zitsulo Linafalikira Dziko Lonse

Ku England, ku Scotland, ku United States ndi ku Australia, dzina la banja lomwe lili ndi anthu ochuluka kuposa ena onse ndi Smith. Eni dzinali lero ndi aphunzitsi, madokotala, alimi, oimba ndi andale, ndipo ambiri mwa iwo sanagwirepo nyundo yosulira. Koma dzina lawolo linabadwira pachipala, m'manja mwa amisiri omwe mbiri ya mafumu siwatchula n'komwe. Tikalitsata kuchokera kumidzi ya ku England mpaka kutsidya kwa nyanja, tiona mbiri ya anthu wamba: ntchito yawo, misonkho yomwe ankakhoma, maulendo awo, komanso nkhanza zomwe ena anachita ndipo ena anazunzika nazo.

Kodi dzina lakuti Smith linachokera kuti?

Linachokera ku ntchito. M'Chingerezi chakale, chomwe chinkayankhulidwa zaka zoposa 1,000 zapitazo, mawuwa ankatanthauza mmisiri wosula zitsulo, munthu wotenthetsa chitsulo mpaka chifiire psuu n'kuchimenya ndi nyundo kuti chisanduke khasu, mpeni kapena lupanga. Makolo a Angerezi anabwera nawo mawuwa kuchokera kumadera omwe lero ndi kumpoto kwa Germany ndi Denmark, n'chifukwa chake Ajeremani ndi Adatchi ali ndi mawu ofanana nawo kwambiri.

Mmodzi mwa anthu oyambirira kupezeka m'zolembedwa ndi dzinali ndi Ecceard Smith, yemwe ankakhala kudera la Durham, kumpoto chakummawa kwa England, cha m'ma 975. Koma tisafulumire kunena kuti ameneyu ndiye kholo la a Smith onse. Nthawi imeneyo mawuwa ankangofotokoza zomwe munthuyo ankachita. Mwana wake akanakhala msodzi kapena mbusa wa nkhosa, palibe akanamutchula choncho. Panapita zaka mazana atatu kapena anayi kuti mawu ofotokoza ntchito asanduke dzina lopatsirana kuchoka kwa bambo kupita kwa mwana.

Nanga Angerezi asanakhale ndi maina a mabanja ankazindikirana bwanji, ndipo chinasintha n'chiyani?

Munthu ankakhala ndi dzina limodzi basi, monga Godwin, Wulfstan kapena Edith. Maina amtunduwu analipo ambirimbiri, moti m'mudzi umodzi kunali kosavuta kusiyanitsa anthu. Zinthu zinasintha kuyambira mu 1066, pamene William, wolamulira wa Normandy kumpoto kwa France, anagonjetsa England pa nkhondo ya ku Hastings. Akuluakulu omwe anabwera naye analandira minda ikuluikulu, ndipo ena mwa iwo ankadzitchula ndi maina a malo omwe anachokera. Kwa iwo dzina la banja linali umboni wosonyeza yemwe ayenera kulowa m'malo mwa bambo ake ndi kutenga chuma. M'buku la Domesday la mu 1086, momwe William analamula kuti mulembedwe malo ndi chuma cha dzikolo, muli kale anthu ena okhala ndi dzina lachiwiri.

Kwa anthu wamba nkhani inali ina. Maina a ku Normandy ndi a m'Baibulo anatchuka, ndipo maina akale aja anayamba kuzimirira. Pofika zaka za m'ma 1300, amuna ochuluka zedi ankagawana maina owerengeka chabe: John, William, Thomas, Richard ndi Robert. Kalaliki wolemba za lendi ya munda, chindapusa cha kubwalo la milandu kapena msonkho wa mfumu ankayenera kudziwa kuti walipira ndi John uti. Choncho ankaonjezera mawu ena. Wina ankamulemba potchula bambo ake, ndipo kumeneko ndi komwe kunachokera maina ngati Johnson ndi Williams. Wina ankamulemba potchula komwe amakhala, monga pafupi ndi phiri kapena nkhalango, n'kutuluka a Hill ndi a Wood. Wina ankatchulidwa ndi maonekedwe ake, monga Long, wamtali. Ndipo wina ankatchulidwa ndi ntchito yake. Smith ali m'gulu lomalizali.

Zinatheka bwanji kuti dzina la ntchito likhale la banja lonse, ngakhale ana omwe sasula?

Palibe mfumu yomwe inadzuka tsiku limodzi n'kulamula kuti Mngerezi aliyense akhale ndi dzina la banja. Zinachitika pang'onopang'ono, makamaka pakati pa zaka za m'ma 1250 ndi 1400. Zinayambira kummwera kwa England ndi kwa anthu olemera, kenako zinafika kumpoto ndi kwa osauka. Ku Wales zinachedwa kwambiri: kumeneko mabanja ambiri anapitiriza kutchula munthu ndi dzina la bambo ake okha kwa zaka zina mazana angapo.

M'zikalata zoyambirira alembi ankalemba m'Chilatini, ndipo wosula ankamulemba kuti Faber. Akatswiri a mbiri ya maina amadziwa kuti dzina lakhazikika akapeza munthu wotchedwa Smith yemwe chikalata chomwecho chikunena kuti ntchito yake ndi yosoka zovala kapena yophika buledi. Apo ndiye kuti dzina lasiyana ndi ntchito ndipo layamba moyo wakewake.

Misonkho inathandiza kwambiri kuti maina amamatire. Mu 1377, 1379 ndi 1381 boma la England linakhometsa msonkho wa pamutu, ndipo mindandanda ya okhoma msonkhowo, yomwe ina ikadalipo, imasonyeza kuti anthu wamba ambiri anali ali kale ndi maina achiwiri. Msonkho wa mu 1381 unautsa mkwiyo waukulu mpaka alimi anagalukira boma, ndipo mtsogoleri wawo, Wat Tyler, nayenso anali ndi dzina la ntchito, lotanthauza mmisiri wa matailosi ofolera nyumba. Kenako mu 1538 Thomas Cromwell, nduna ya Mfumu Henry VIII, analamula kuti tchalitchi chilichonse chizisunga kaundula wa ubatizo, maukwati ndi maliro. Dzina likalowa m'kaundula wa tchalitchi, mwana ndi mdzukulu ankalipeza lili momwemo.

Kodi wosula zitsulo ankagwira ntchito yanji kwenikweni m'mudzi wa ku England?

Tangoganizani mudzi wopanda sitolo ya zipangizo, pomwe chilichonse chachitsulo chiyenera kupangidwa ndi manja. Mano a pulawo, nkhwangwa, zikwakwa zokololera tirigu, misomali, maunyolo, zitsulo zomangira zitseko ndi zozungulira mawilo a ngolo, zonsezi zinkachokera kwa munthu mmodzi. Chitsulo chinali chodula, choncho chida chothyoka sichinkatayidwa. Chinkabwerera pamoto kuti chikhale china.

Chipala chake chinkakhala chamdima, ndipo mdimawo unali ndi ntchito. Wosula ankadziwa kutentha kwa chitsulo poona mtundu wake, kuyambira kufiira kodera mpaka chikasu chowala, ndipo padzuwa mitundu imeneyi sioneka bwino. Mnyamata wophunzira ntchito ankakoka mvukuto kuti makala akolele, mmisiri n'kutulutsa chitsulo ndi chopanira, kuchiika pa chitsulo chachikulu chosulirapo, n'kuyamba kumenya mofulumira chisanazizire. Pofuna kuveka kavalo zitsulo za kuziboda, ankayamba wasema chiboda kuti chisalale, kenako n'kugunditsapo chitsulo chikadali chotentha. Utsi wonunkha ngati tsitsi lopserera unkatuluka, ndipo chipsera chotsala pachibodacho chinkamuuza ngati chitsulo chakhala bwino. Kavalo samva kuwawa chifukwa mbali imeneyo ya chiboda ilibe mitsempha. Akakhutira, ankachiviika m'madzi n'kuchikhomerera ndi misomali yomwe anasula yekha.

Munthu wotere mudzi sunkafuna kumutaya. Buku la Boldon la mu 1183, lomwe limafotokoza za minda ya bishopu wa ku Durham, limatchula wosula yemwe anapatsidwa maekala 12 kuti azisamalira zitsulo za mapulawo. Ntchito inkabwera ndi munda, ndipo zida zosulira zinali chuma chomwe bambo ankasiyira mwana. Choncho m'mabanja ambiri ntchito ndi dzina zinkayendera limodzi kwa mibadwo ingapo, mpaka dzina linazika mizu.

Ngati anthu ambiri anali alimi, bwanji dzina lofala kwambiri ndi la wosula osati la mlimi?

Yankho lili m'funso momwemo. Dzina limagwira ntchito likamasiyanitsa munthu ndi anzake. M'mudzi momwe pafupifupi aliyense amalima, kunena kuti John mlimi sikuthandiza kalaliki ngakhale pang'ono. Wosula ndiye anali pabwino: m'mudzi mwake anali mmodzi kapena awiri, choncho ntchito yake inkamusiyanitsa ndi ena, koma m'dziko lonse analipo zikwizikwi chifukwa mudzi uliwonse waukulu unkamufuna. Dzina lakuti Farmer lilipo ndithu, koma poyamba linkanena za munthu wotolera lendi kapena msonkho m'malo mwa mwini malo.

Chifukwa chachiwiri n'chakuti England yense ankatchula wosula ndi mawu amodzi. Ntchito zina sizinali choncho. Anthu omwe ankapondaponda nsalu yaubweya m'madzi kuti ilimbe ankatchedwa Walker kumpoto, Fuller kummwera chakummawa, ndi Tucker kummwera chakumadzulo. Ntchito imodzi inabala maina atatu, ndipo chiwerengero chawo chinagawikana. Osula ambiri analowa m'dzina limodzi.

Chachitatu, mawuwa ankakuta amisiri amitundu yambiri. Kupatula wosula wa kumudzi, m'matauni munali osula mipeni, maloko, zida zankhondo, mkuwa ndi golide. Ku London bungwe la osula golide linalandira chikalata cha mfumu mu 1327, ndipo la osula chitsulo linalandira chake mu 1571 kuchokera kwa Mfumukazi Elizabeth I. Chachinayi, chomwe tichione kutsogoloku, n'chakuti dzina likafala limayamba kumeza maina ena.

Ndi maina ena ati a Chingerezi omwe anachokera ku ntchito?

Alipo ambiri, ndipo mukawaika pamodzi mumaona mudzi wonse uli pa ntchito. Taylor ndi telala, Baker ndi wophika buledi, Miller ndi mwini chigayo, Cooper ndi wopanga migolo yamatabwa, Wright ndi mmisiri wa matabwa ndi ngolo, Mason ndi womanga ndi miyala, Fletcher ndi wopanga mivi, Shepherd ndi mbusa wa nkhosa, Chapman ndi wamalonda woyendayenda, ndipo Clark ndi mlembi. Dzina la Margaret Thatcher, yemwe anali nduna yaikulu ya Britain kuyambira 1979 mpaka 1990, limatanthauza wofolera nyumba ndi udzu. La Jimmy Carter, mtsogoleri wakale wa United States, limatanthauza woyendetsa ngolo. Maina ngati Webster, Baxter ndi Brewster, a woluka nsalu, wophika buledi ndi wofulula mowa, anachokera ku mawu omwe poyamba ankanena za akazi, ndipo amatikumbutsa kuti amayi anali ndi gawo lalikulu pa ntchito zimenezi.

Kodi anthu onse otchedwa Smith ndi pachibale?

Ayi, ndipo apa ndi pomwe wowerenga wa kwathu kuno ayenera kusamala. Ife tinazolowera mfunda. A Phiri awiri kapena a Banda awiri akakumana kutali ndi kwawo amatha kutchulana abale, chifukwa mfunda umaloza ku makolo amodzi akalekale. Smith si mfunda. Dzinali linamera palokhapalokha m'midzi yambirimbiri, kwa amuna omwe sankadziwana ndipo analibe ubale uliwonse. Chomwe chinkawalumikiza ndi luso la manja awo.

Sayansi inatsimikizira zimenezi. Mu 2009 Turi King ndi Mark Jobling a ku yunivesite ya Leicester anasindikiza kafukufuku wa maina 40 a ku Britain, poyeza mbali ya DNA yomwe mwana wamwamuna amalandira kwa bambo ake, yomwe imayenda njira yofanana ndi ya dzina la banja. Anapeza kuti maina osowa nthawi zambiri amachokera kwa kholo limodzi kapena makolo ochepa. Mwachitsanzo, mwa amuna 10 alionse otchedwa Attenborough omwe anayezedwa, pafupifupi 9 anali a mzere umodzi. Koma amuna otchedwa Smith anapezeka osiyanasiyana monga momwe anthu ongotoledwa mwachisawawa m'dzikomo amasiyanira.

Nanga Smyth, Smythe, Smithson ndi Goldsmith ndi maina ena kapena ndi limodzi lomweli?

Smyth ndi Smythe kawirikawiri ndi dzina lomweli, kungosiyana kalembedwe. Kale Chingerezi chinalibe malamulo okhazikika a kalembedwe, ndipo anthu ambiri sankadziwa kulemba dzina lawo. Wansembe kapena kalaliki ankalemba momwe wamvera, moti munthu mmodzi ankatha kulembedwa mosiyana pa ubatizo, pa ukwati ndi pa maliro ake. Ena otchedwa Smythe dzina lawo linachokera ku mawu otanthauza chipala chenichenicho, kusonyeza munthu wokhala pafupi nacho. Kalembedwe kanayamba kukhazikika sukulu zitafala, komanso boma litayamba kulemba lokha za kubadwa, maukwati ndi imfa ku England ndi Wales mu 1837.

Smithson ndi mwana wa wosula. Dzinali linatchuka chifukwa cha James Smithson, wasayansi wa ku England yemwe anamwalira mu 1829 n'kusiyira dziko la United States chuma chake, chomwe chinakhazikitsa Smithsonian Institution ku Washington mu 1846. Goldsmith ndi wosula golide, Arrowsmith ndi wosula nsonga za mivi, ndipo Shoesmith ndi wosula zitsulo za kuziboda za akavalo.

Dzinali linaoloka bwanji nyanja?

Linakwera zombo limodzi ndi Angerezi ndi anthu a ku Scotland omwe anapita kukakhala m'maiko ena. Pa gulu lomwe linakhazikitsa Jamestown ku Virginia mu 1607, mudzi woyamba wokhalitsa wa Angerezi ku America, panali Kaputeni John Smith, yemwe pambuyo pake anautsogolera. M'zaka mazana atatu zotsatira, anthu mamiliyoni anachoka ku Britain ndi ku Ireland kupita ku America, Canada, Australia, New Zealand ndi South Africa. Ena ankathawa umphawi, ena ankafuna ufulu wopembedza, ena anali asilikali, ndipo ena anatumizidwa ngati akaidi, makamaka ku Australia kuyambira mu 1788. Popeza dzinali linali lofala kale kwawo, kulikonse komwe anafika linkakhala patsogolo.

Kalembera wa ku United States wa mu 2010 anapeza anthu 2,442,977 otchedwa Smith, kuposa a dzina lina lililonse. Ku Britain aliko opitirira 500,000. Ngakhale maapozi obiriwira aja otchedwa Granny Smith, omwe amafika m'masitolo athu kuchokera ku South Africa, ali m'nkhani yomweyi. Anatenga dzina la Maria Ann Smith, mayi wobadwira ku England yemwe anasamukira ku Australia ndipo anayamba kufalitsa mtengowu pamunda wake pafupi ndi Sydney cha mu 1868.

Ndiye kuti aliyense wotchedwa Smith makolo ake anachokera ku England?

Ayi ndithu. Ambiri analitenga dzinali m'malo mwa dzina lina. Ku Ireland, lamulo la mu 1465 linakakamiza anthu a dzikolo okhala m'zigawo zozungulira Dublin, zomwe zinali m'manja mwa Angerezi, kuti atenge maina a Chingerezi ochokera ku tauni, ku mtundu monga woyera kapena wakuda, kapena ku ntchito, ndipo wosula anatchulidwa m'lamulomo ngati chitsanzo. M'zaka zotsatira, mabanja ambiri otchedwa Mac Gabhann, kutanthauza mwana wa wosula, anasanduka a Smith, makamaka m'chigawo cha Cavan. Ena anasunga dzina lawo m'kalembedwe kakuti McGowan. Ku Scotland nako, ena otchedwa Gow ndi maina ofanana nalo m'chiyankhulo cha Gaelic anachita chimodzimodzi.

Ku America, Ajeremani ambiri otchedwa Schmidt ndi Adatchi otchedwa Smit anasintha kalembedwe kuti asamaoneke alendo pofuna ntchito. Izi zinakula mu 1917, dziko la United States litalowa nkhondo yolimbana ndi Germany, pomwe dzina lachijeremani linkatha kumuika munthu m'mavuto. Pali nkhani yotchuka yakuti akuluakulu a pa Ellis Island, pomwe alendo ankafikira ku New York kuyambira mu 1892, ankasintha maina a anthu. Akatswiri a mbiri amaitsutsa nkhaniyi: ogwira ntchito pamenepo ankangotsatira mindandanda yolembedwa kale kudoko komwe chombo chinanyamukira. Kusintha dzina kunkachitika pambuyo pake, ndipo nthawi zambiri ankasintha ndi mwini wake.

Pakati pa Aromani a ku Britain, mtundu wa anthu oyendayenda omwe ambiri anali amisiri a zitsulo ndi akavalo, Smith ndi limodzi mwa maina odziwika kwambiri. Mlaliki wotchuka Rodney Smith, yemwe anabadwa mu 1860 n'kumwalira mu 1947, anali wa mtundu umenewu.

Nanga anthu akuda ochuluka chonchi ku America ndi ku Caribbean analipeza bwanji dzinali?

Apa mbiri ya dzinali imadutsa m'chigwa cha misozi. Anthu omwe anagwidwa ku Africa n'kugulitsidwa ukapolo analandidwa maina awo, ndipo m'mabuku a eni minda ankalembedwa ndi dzina limodzi lokha, pamodzi ndi ziweto ndi katundu. Ukapolo utathetsedwa m'madera olamulidwa ndi Britain mu 1834 ndi ku United States mu 1865, anthu omasulidwa anafunika dzina la banja kuti alembetse ukwati, agule malo kapena alowe m'kaundula wa boma. Ena anatenga dzina la yemwe ankawasunga ukapolo, mwina pofuna kuti abale omwe anagulitsidwa kutali adzathe kuwapeza. Ena anakana dzina limenelo n'kusankha lina. Enanso anali osula zitsulo enieni, chifukwa minda ikuluikulu inkadalira akapolo aluso pachipala.

Nkhani ya Venture Smith imaonetsa bwino momwe ena anatengera dzina la yemwe ankawasunga ukapolo. Anabadwira kumadzulo kwa Africa cha m'ma 1729, ndipo dzina lake linali Broteer. Anagwidwa ali mwana n'kutengedwera ku America. Atagwira ntchito yakalavulagaga kwa zaka zambiri ndi kusunga kangachepe komwe ankapeza pambali, mu 1765 anadziwombola kwa Oliver Smith wa ku Connecticut n'kutenga dzina lake. Kenako anawombola mkazi wake ndi ana ake, anagula malo, ndipo mbiri ya moyo wake inasindikizidwa mu 1798. James McCune Smith, munthu wakuda woyamba wa ku America kulandira digiri ya udokotala, anakaitenga ku yunivesite ya Glasgow mu 1837 chifukwa sukulu za kwawo zinamukana. Tommie Smith anakweza chibakera m'mwamba atapambana mpikisano wa mamita 200 pa masewero a Olympic ku Mexico City mu 1968, potsutsa tsankho. Lero pafupifupi mmodzi mwa a Smith anayi alionse ku United States ndi munthu wakuda. Dzina lomwe ambiri analilandira m'nyengo ya chisoni analisandutsa lawolawo, ndipo analipatsa ulemu ndi thukuta lawo.

Kodi kummwera kwa Africa kuno dzinali linasiya mapazi otani?

Linafika ndi atsamunda, ndipo lili pamapu. Sir Harry Smith anali bwanamkubwa wa Cape Colony kuyambira 1847 mpaka 1852, ndipo anatsogolera nkhondo zolanda malo a Axhosa. Tauni ya Harrismith inatchulidwa ndi dzina lake, pomwe Ladysmith, ku KwaZulu-Natal, inatchulidwa polemekeza mkazi wake Juana, wa ku Spain. Gulu loimba la Ladysmith Black Mambazo linatenga dzina la tauni ya kwawoko, moti dzina la wosula wa ku England linafika m'makutu a dziko lonse kudzera m'nyimbo za Chizulu.

Kwa Amalawi ndi Azambia achikulire, makamaka omwe anagwirapo ntchito m'mafamu ndi m'migodi ya ku Rhodesia, dzinali limakumbutsa munthu mmodzi: Ian Smith, nduna yaikulu ya dzikolo kuyambira 1964 mpaka 1979, yemwe pa 11 November 1965 analengeza kuti dzikolo ladzipatula ku Britain pofuna kusunga ulamuliro wa azungu ochepa. Anabadwira ku Selukwe, komwe lero ndi Shurugwi, mu 1919. Bambo ake anachokera ku Scotland mu 1898 ndipo ankachita bizinesi yogulitsa nyama. Zochita za munthu mmodziyu siziyenera kusenzetsedwa kwa aliyense wa dzinali, pakuti monga taonera, iwo si banja limodzi.

Kodi mitundu ina ilinso ndi maina ochokera kwa wosula?

Inde, ndipo zimenezi zikusonyeza kuti ulemu wa wosula sunali wa ku England kokha. Ku Germany, Schmidt ndi dzina lachiwiri kufala, pambuyo pa Müller, mwini chigayo. Ku Poland kuli Kowalski, ku Hungary Kovács, ku Russia Kuznetsov, ku Ukraine Kovalenko, ku France Lefebvre, ku Spain Herrero, ndipo m'maiko a Aluya kuli Haddad. Ferrari, dzina lomwe ambiri amalidziwa chifukwa cha galimoto zaliwiro za ku Italy, nalonso ndi la osula. Anthu a ziyankhulo zosiyana, omwe sanapangane, anafika pa mfundo imodzi: mwa amisiri onse a m'mudzi, wosula ndiye anali woyenera kudziwika ndi ntchito yake.

Ntchito yomwe inabala dzinali inathera kuti?

Inamezedwa ndi mafakitale. Mu 1709 Abraham Darby anayamba kusungunula chitsulo pogwiritsa ntchito malasha okonzedwa m'malo mwa makala, ku Coalbrookdale, ndipo m'kupita kwa nthawi chitsulo chinatsika mtengo n'kumapangidwa chochuluka. Adam Smith wa ku Kirkcaldy ku Scotland, m'buku lake la The Wealth of Nations la mu 1776, anaona kusinthaku ndi maso ake. Iye anafotokoza kuti wosula wosazolowera kupanga misomali ankavutika kuti afikitse 200 kapena 300 patsiku, pomwe anyamata omwe ntchito yawo inali ya misomali yokha ankapitirira 2,300. Makina atabwera, ngakhale anyamata amenewo anachepa mphamvu. Galimoto ndi mathirakitala zitalowa m'malo mwa akavalo, makamaka itatha nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, zipala zambiri za m'midzi zinatsekedwa, ndipo zina zinasanduka magalaja.

Komabe lusoli silinafe. Ku Britain kukadali osula opanga zipata ndi zokongoletsa nyumba, ndipo kuyambira pa lamulo la mu 1975, ntchito yoveka akavalo zitsulo imaloledwa kwa okhawo ophunzira ndi olembetsedwa m'kaundula.

Tsono munthu wotchedwa Smith, kapena wofuna kudziwa mbiri ya banja lotere, aphunzirepo chiyani?

Choyamba, asakhulupirire wogulitsa chizindikiro kapena mbiri imodzi yomwe akuti ndi ya a Smith onse, chifukwa mbiri yoteroyo kulibe. Ayambe ndi agogo omwe akuwadziwa, malo omwe anakhala ndi zaka zawo, kenako abwerere m'mbuyo m'badwo umodziumodzi kudzera m'makaundula a boma, a kalembera ndi a matchalitchi. Kwa dzina lofala chonchi, chomwe chimatsogolera wofufuza ndi mudzi, ntchito ndi maina a akazi omwe anakwatiwa m'banjamo.

Chachiwiri, adziwe kuti njira zofikira ku dzinali n'zambiri, ndipo iliyonse ili ndi kulemera kwake. Wina analitenga kwa kholo lomwe linkasuladi mapulawo ku Durham. Wina analilandira chifukwa lamulo linaletsa dzina la chiyankhulo cha makolo ake. Wina analisankha pofuna ntchito m'dziko lachilendo, ndipo wina analinyamula potuluka mu ukapolo. Kufunsa kuti banja lanu linadzera njira iti n'kofunika kuposa kufunsa tanthauzo la dzinalo.

Chachitatu ndi cha ife tonse, ngakhale tilibe dzinali. Mafumu ndi akazembe a ku England analembedwa m'mabuku, koma dzina lomwe linakuta anthu ochuluka kuposa onse ndi la munthu wa manja akuda ndi makala, yemwe popanda iye munda sukanalimidwa ndipo ngolo sikanayenda. Anthu a nthawi imeneyo ankadziwa yemwe moyo wawo unkadalira, ndipo anamutchula ndi ntchito yake mopanda manyazi. Mmisiri wa ntchito zamanja, kulikonse komwe ali lero, ayenera kupatsidwa ulemu womwewo.